MAINA A NTHENDA KWATHU KU CIPATA

Ine wolemba nkhani iyi ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Cipata, ndipo ndinagwira nchito zaka zambiri m'cipatala cina ca m'dziko lomweli, poyamba monga womasulira mau, pambuyo pace monga wothandiza dotolo. Nchito yanga inali kuima pakati pa anthu awiri osamvana cinenero, wina wodwala, wina wodziwa mankhwala, ndi kutenga mau a uyu kuwapereka kwa uyo. Pamenepo ndinaphunzira kuti dzina la nthenda si kanthu kacabe ai, pakuti munthu atsata dzina limene wamva. Dzinalo likalondola, iye afika kumene kuli cithandizo. Likasokera, asokera nalo pamodzi. Cifukwa cace ndafuna kulemba mbiri ya maina amene tichula nao nthenda ndi zakudya, kumene anacokera ndi umo anasinthira, kuti inu a m'tauni, amene mupita ku cipatala kawirikawiri, muwadziwe bwino.

Maina amene makolo anatisiyira

Azungu asanafike, Acewa ndi anansi ao anali nao kale maina ambiri a nthenda. Popeza analibe makina oonera za m'kati mwa thupi, anachula nthenda monga mwa cimene maso aona kapena cimene wodwala amva. Cibayo ndico cimene cibaya m'nthiti ngati mkondo. Likodzo lidziwika pokodza, pamene mkodzo utuluka ndi magazi. Kafumbata afumbatitsa khanda timanja tace ndi kuumitsa nsagwada zace kuti lisayamwe. Kaodzera aodzeretsa munthu dzuwa liri pamutu. Panalinso maina ena akalekale, monga nthomba, cikuku, khate, khunyu, mphere ndi cindoko, amene tiwachulabe kufikira lero.

Koma panali maina a mtundu wina, amene sananena za cimene cioneka, koma za cimene cacititsa. Lalikulu mwa iwo ndilo mdulo, limene ena ati tsempho. Makolo anaphunzitsa kuti mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene mkazi wace ali ndi pakati kapena ali ndi khanda, kapena mkazi akathira mcere m'ndiwo ali kumwezi, wina wa m'nyumbamo adzadulidwa: adzatupa miyendo ndi nkhope, adzatsokomola, nadzaonda. Nthenda zina anati zacokera kwa mizimu yokwiya, zina kwa mfiti.

Motero munthu akadwala, abale ace anali ndi mafunso awiri. Loyamba: nthendayi nciani? Laciwiri: yadza cifukwa ninji, ndipo waibweretsa ndani? Sing'anga wa mitengo anayankha loyamba ndi mizu ndi makungwa. Woombeza ula anayankha laciwiri. Kumbukirani mafunso awiriwa, pakuti cipatala citafika cinayankha loyamba lokha, ndipo anthu anapitirira kufunsa laciwiri kwina.

Kufika kwa cipatala

M'caka ca 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo posacedwa Azungu anamanga boma lao nalicha Fort Jameson. Jameson ameneyo, mwini dzinalo, anali dotolo asanalowe m'nkhani za maiko. Bomali linali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo dzina la Cipata linakhazikika dziko litalandira ufulu wace wa 1964.

Koma oyamba kubwera ndi mankhwala a Cizungu ku midzi anali a mishoni. A Dutch Reformed Church anamanga Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Pa Magwero anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, ndi ogontha mu 1955. Pa Nsadzu panakhala mudzi wa odwala khate. A Seventh-day Adventist anatsegula cipatala pa Mwami mu 1927, nalandiranso akhate. A Anglican anatsegula St Francis ku Katete mu 1948, woyambitsa wace ndiye Francis Trefusis, amene anali wansembe ndiponso dotolo.

M'malo onsewa munabadwa mau atsopano. Zinthu zimene makolo sanazione anthu anazichula ndi maina a eni ace, koma powapinda kuti alowe m'kamwa mwathu: cipatala, dotolo, nesi, jekeseni, kwinini, mapiritsi, bandeji, opaleshoni. Ena amaganiza kuti liu la cipatala ndi dzina la mudzi wathu ndi pacibale, koma kungofanana cabe. Cipatala ndi liu la Cingerezi lobvala zobvala zathu. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, anamucha Luka sing'anga. Koma anthu a ku midzi sanafune kusokoneza awiriwa: wa mitengo anakhalabe sing'anga, ndipo wa ku cipatala anakhala dotolo.

Mau obwereka otere sanabvute konse, pakuti cinthu cinali catsopano ndi dzina lace latsopano. Bvuto linadza pa mau akale amene anapatsidwa nchito yatsopano.

Mau akale, nchito yatsopano

Ena mwa mau otere anagwira bwino. Taonani liu la katemera. Sing'anga wa kwathu atema mphini pa khungu ndi kupakamo mankhwala, ndipo titi wamtemera munthuyo. Tsono pamene anthu a Boma anayendera midzi kukanda anthu pa mkono ndi kupakapo mankhwala oletsa nthomba, a ku mudzi anaona cinthu codziwika kale, nacicha katemera. Palibe anafunika kuwafotokozera zambiri. Nthomba, imene inapha ndi kucititsa khungu anthu osawerengeka, inatha pa dziko lonse lapansi, ndipo izi zinalengezedwa mu 1980. Koma liu lija latsala, ndipo lero tinena katemera wa cikuku ndi wa poliyo, ngakhale wina ndi jekeseni, wina madontho a m'kamwa.

Liu lina ndilo cirombo. Kale cirombo cinali mkango, fisi kapena nyalugwe, ndiponso ca ku dambwe. Madotolo atafuna kufotokoza kuti nthenda zambiri zidza ndi tamoyo tosaoneka ndi maso, omasulira anacepetsa liulo nati kacirombo, tizirombo. Nkhani ya tizirombo inakhudza dziko lathu lomwe lino. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza kacirombo ka kaodzera m'magazi a Mzungu amene anadwala atayenda m'cigwa ca Luangwa, nakapatsa dzina la rhodesiense, monga mwa dzina la dziko pa masiku aja. Mu 1912 madotolo Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito m'cigwa comweco, anatsimikiza kuti kashembe wa m'chire ndiye atenga kacirombo kameneka ku nyama ndi kukapereka kwa anthu. Makolo anadziwa nthenda, anadziwanso kashembe. Cimene cinadza catsopano ndico cingwe comanga ziwirizo pamodzi.

Mau ena anaseketsa. Munthu wa kwathu akamva kupota m'mimba ati njoka indiluma. Mlungu wanga woyamba pa nchito ndinamasulira mau amenewa monga momwe aliri, ndipo dotolo anadzambatuka pa mpando kufuna pamene njokayo inaluma. Ndinacita manyazi, koma panalibe coipa cinacitika. Koma pa liu la malungo sipanakhale kuseka.

Malungo, ndi kulakwa kwanga

Akuluakulu anandiuza kuti kale malungo linali liu la mfundo za thupi, ndipo munthu akati ndamva malungo ananena kuti thupi lonse laphwanyika ndi kutentha. Liulo silinasankhe cimene cacititsa. Kutentha thupi kwa cimfine, kwa cibayo, kwa cironda cotukusira, konseko kunali malungo.

Tsono Azungu anali ndi nthenda yao imodzi yochedwa malaria, imene Ronald Ross anaonetsa mu 1897 kuti kacirombo kace kakhala mwa udzudzu. Pofuna dzina la Cinyanja anatenga malungo, popeza wodwala nthendayo atentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo. Kuyambira pamenepo liu limodzi linakhala ndi matanthauzo awiri: ku mudzi, kutentha thupi kuli konse, ku cipatala, nthenda ya udzudzu yokha. Ndipo panalibe amene anauza anthu kuti liu lao lacepetsedwa.

Ndiri mnyamata pa nchito, m'nyengo yozizira, anafika mai wina ndi mwana wa zaka ziwiri kumbuyo, pamodzi ndi ambuye ace a mwanayo. Anayenda kuyambira mbandakuca. Mwana anali wotentha ngati mbaula, napuma mofulumira. Maiyo anati, "Adotolo, mwanayu ali ndi malungo, lero tsiku lacitatu." Tinamtenga magazi pa cala, tinawapaka pa galasi, ndipo woyang'ana m'makina sanapeze kacirombo ka udzudzu. Dotolo anamvera m'cifuwa, nanena m'Cingerezi kuti si nthenda ya udzudzu koma ya m'mapapo, ndipo mwana agonekedwe kuti alandire jekeseni masiku angapo. Odwala anali ambiri pa khonde, ndipo ine pofulumira ndinati, "Amai, adotolo ati mwana alibe malungo. Pitani naye ku wodi, akambaye jekeseni."

Ndinaona ambuye aja akuyang'ana mwana wao wamkazi, koma sindinasamale. M'mawa mwace bedi linali lopanda munthu. Mai wina wa pa bedi loyandikana anandiuza zimene anamva usiku. Nchembereyo inati, "Mwana atentha cotere, iwo ati alibe malungo? Ngati makina ao saona nthenda imene ife tiona ndi manja, ndiye kuti nthendayi si ya cipatala. Tiyeni kwathu tikaombeze." Anacoka tambala asanalire.

Lamulungu ndinapalasa njinga kufuna mudzi wao. Nditayandikira ndinamva akazi alikulira, ndipo ndinadziwa. Ndinakhala pansi pamodzi ndi amuna, osanena kuti ndine yani.

Nchembere ija sinali yopusa. Inaganiza molongosoka monga mwa mau amene ine ndinaipatsa. Ndikadati, "Mwana watenthadi thupi, koma kutenthaku sikucokera ku udzudzu, ali ndi cibayo, ndipo mankhwala ace tiri nao," iwo akadakhala, pakuti cibayo anacidziwa ndi kuciopa. Ndinawauza cimene mwana analibe, osawauza cimene anali naco. Kuyambira tsiku limenelo sindinanenenso kwa munthu kuti alibe malungo popanda kuchula dzina la cimene ali naco. Ndipo inu akazi ndi amuna a ana, dziwani ici: mwana akatentha thupi, napuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa m'kati popuma, musacedwe naye, ngakhale magazi atapimidwa osapezeka kanthu.

Mau a zakudya

Pa nkhani ya zakudya mau anasemphananso. Kwathu kudya ndiko kudya nsima. Munthu angatafune cimanga, mbatata ndi nzimbe tsiku lonse, koma madzulo adzati sindinadye. Cifukwa cace nesi akafunsa mai kuti, "Kodi mwana akudya?" mai abvomera ndi mtima woona, pakuti mwana wamwa phala loyera la ufa, madzi ndi mcere. Ndipo akauzidwa kuti mwana wadwala cifukwa ca njala, apsa mtima, popeza nkhokwe yace iri yodzala ndipo liu la njala limtukwana pamaso pa anzace.

Nthenda ya mwana wotupa miyendo ndi masaya, wa tsitsi lofiira lonyololoka, wosafuna kusewera, mabuku a cipatala aicha kwashiorkor. Liu limeneli si la Cingerezi ai. Dotolo wamkazi, Cicely Williams, amene anagwira nchito ku Gold Coast, dziko limene lero liri Ghana, anafotokoza nthendayi mu 1933, ndipo mu 1935 anailemba ndi dzina limene anamva kwa anthu a mtundu wa Ga a ku Accra. Tanthauzo lace ndilo nthenda ya mwana wocotsedwa pa bere cifukwa mng'ono wace alinkudza. Nditawerenga izi ndinazizwa, pakuti ife tiri nalo liu lathu lonena comweco. Mkazi akatenga pakati mwana asanakule titi watumbiza, ndipo kufooka kwa mwanayo ndiko utumbidwa. Makolo athu ndi anthu a ku Accra, osaonana konse, anaona cinthu cimodzi. Cimene dotolo uja anaonjeza ndico cifukwa cace: mwana wataya mkaka, ndipo phala loyera silikwanira kulowa m'malo mwace.

Koma mwana yemweyo wotupa, ena ku mudzi anati watsempha, ndipo mlandu unagwera atate wace. Ndinaona mabanja alikukangana pa khonde la cipatala za amene anadula mwana, pamene mankhwala ace anali m'munda mwao momwe: nshawa za Chalimbana zimene dziko lino linachuka nazo, nyemba, mazira, kapenta, ciwawa ndi bonongwe. Sindinalimbane nao za mwambo. Ndinangoti, "Za ku mudzi mukakambe ku mudzi, koma m'phala thiranimo nsinjiro." Ambiri anamva.

Pophunzitsa akazi ku sikelo, ndiko kumene ana aang'ono apimidwa mwezi ndi mwezi, tinagawa zakudya patatu: zopatsa mphamvu, zomanga thupi, ndi zoteteza ku nthenda. Mwana woonda kwambiri tinati wanyenchera, wosakula msinkhu tinati wapinimbira. Liu la vitamini linalowa monga liri, ndipo kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia anayamba kuthiridwa vitamini A.

Liu lina la ana ndilo liwombo. Khanda likatsegula m'mimba, liwombo lace lilowa m'kati, ndipo anakubala anati nthenda ndi liwombolo, napakapo mankhwala akuda. Koma liwombo lilowa cifukwa madzi atha m'thupi, monga citsime ciphwa m'cilimwe. Pamene timapaketi ta mcere ndi shuga tosungunula m'madzi tinafika, Boma linaticha Madzi a Moyo. Limeneli linali dzina losankhidwa mwanzeru, pakuti linanena lokha cimene mwana asowa.

Nthenda zacilendo ndi maina ace

Nthenda zina zinafika ndi anthu oyenda, ndipo maina ace asunga mbiri ya maulendo ao. Matekenya sanali m'Afrika kale. Anaoloka nyanja kucokera ku Brazil nafika ku Angola mu 1872, ndipo patapita zaka ngati 20 anali m'zala za anthu a maiko a kuno. Kumapeto kwa 1918, nkhondo yaikulu yoyamba irinkutha, unadza mliri umene makolo sanaupeze dzina, natenga la Azungu nati fuluwenza. Amuna opita ku migodi ya ku Harare, ku Joni ndi ku Copperbelt ena anabwerako ndi cifuwa cosamva mankhwala a mitengo, ca magazi ndi thukuta la usiku, ndipo posiyanitsa ndi cifuwa wamba tinati cifuwa cacikulu. Ambiri anacisokoneza ndi mdulo, popeza zonse ziwiri zitsokomoletsa ndi kuondetsa.

Koma nthenda imene inabala maina ambiri koposa ndiyo Edzi, imene inadziwika m'Zambia mu 1984. Anthu anaopa kuichula. Ena anati kaliwondewonde, ena anati ndi kanyera wakale uja, ena anangoti matenda omwewa. Pa maliro mlaliki anati malemu anadwala nthawi yaitali, ndipo onse anamva. Mu 1987 President Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wace anamwalira ndi Edzi, ndipo pang'onopang'ono pakamwa pa anthu panatseguka. Apa liu lija la kacirombo linagwira nchito yaikulu, pakuti linatithandiza kusiyanitsa munthu amene ali ndi kacirombo koma ali wamphamvu, ndi munthu amene wadwala. Mankhwala ace atayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma m'zaka za 2004 ndi 2005, anthu anawacha mankhwala otalikitsa moyo, ndipo ambiri amene tinawalira asanafe analimanso minda yao.

M'tauni mwadzanso maina ena amene agogo athu sanawamve kawirikawiri: matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa. Pamenepanso cenjerani. Ndamva anthu alikunena kuti magazi anga athamanga pamene angodandaula kapena mtima wagunda, ndipo ena aleka mapiritsi cifukwa samva kanthu. Koma nthenda imeneyi kawirikawiri ikhala cete, ndipo idziwika ndi lamba wopimira pa mkono.

Mau otsiriza

Anyamata ophunzira ena apeputsa maina a makolo, nati cibayo ndi likodzo ndi mau a ku mudzi. Akuluakulu ena akana maina a cipatala, nati ndi za Azungu. Ine ndaima pakati pa awiriwa moyo wanga wonse, ndipo ndinena kuti tiwafuna onse. Dzina la makolo linena cimene wodwala amva. Dzina la cipatala linena cimene cacititsa ndi mankhwala ace.

Tsono inu mukapita ku cipatala, musangochula dzina limodzi ndi kukhala cete. Fotokozani pamene pawawa, tsiku limene zinayamba, ndi mankhwala amene mwamwa kale, ngakhale a mitengo. Ndipo musaturuke musanafunse kuti, "Nthenda yanga dzina lace nciani m'cinenero cathu?" Kufunsa ndi kudziwa njira. Inunso anyamata ndi asungwana amene mubvala zoyera masiku ano, amene simufuna womasulira popeza cinenero ndi canu, musayese kuti bvutoli latha. Mukanena malungo, funsani mumtima ngati nchembere iri patsogolo panu yamva malungo omwe inu mwanena.